Maliro a Chiphaliwali pa Khonde la a Sefu

Sabata yatha tinali ku sadaka ya a Sefu, atelala a pa Dwangwa, ndipo ine ndinachita zamanyazi: ndinaseka. Shehe ankanena zabwino za malemu, kuti anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinangoyang'ana kwa Asiyatu, Asiyatu n'kuyang'ana kwa ine, basi zinathera pomwepo. Tinabisa nkhope m'zitenje, amayi ena n'kumatisisita pamsana poyesa tikulira. Wofatsa? A Sefu? Munthu amene anatikhazika pamaliro mwezi wathunthu n'kupitirira, maliro a munthu woti sanabadwepo n'komwe!

Amene simunakhalepo pa khonde lawo Loweruka masana simungamve, ndiye ndiyambire patali pang'ono. A Sefu ankasoka pa khonde la sitolo ina kuseri kwa msika, ndipo kabenchi kanga kogulitsira mayunitsi ndi kutchajira mafoni kali pambali pomwepo. Ankaoda majekete a kaunjika n'kumawachepetsa kuti akwane anthu akuno. Tsiku lina, m'thumba la jekete lina anapezamo kathumba kansalu, m'katimo muli madayisi achilendo: ena osongoka, ena a mbali zambirimbiri, lina lobulungira lofika mpaka pa nambala twente. Anayesa zithumwa, n'kukataya kuseri kwa sitolo. M'mawa mwake anakatolanso, poti anali munthu woti chinthu chikamukanika kumvetsa, mtima sukhala m'malo. Anabwera nawo kwa ine kuti ndifunse foni.

Foni inatiuza kuti ndi a masewera ena amene amasewera kunja. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense amapeka munthu wake, kaya wankhondo, kaya wamatsenga, kaya mbava, n'kumamuyankhulira. Mmodzi amakhala mwininkhani: iye ndiye amanena za dziko limene anthuwo akuyendamo, zilombo zake, mafumu ake, ndi zonse zimene akukumana nazo panjira. Munthu wako akafuna kuchita chinthu chovuta, umaponya dayisi. Likagwa pa nambala yaikulu zatheka, likagwa pa yaing'ono wagwa nayo. A Sefu anamvetsera mpaka kumapeto, tepi yoyezera ili m'khosi, kenako anagamula kuti masewerawo ndi abwino, koma eni akewo sakuwadziwa kaseweredwe kake. Apo n'kuti iwo asanaponyepo dayisi ndi kamodzi komwe.

Umwininkhani anadzipatsa okha, panalibe chisankho. Osewera tinali ine, Asiyatu wogulitsa mpunga mumsika, aphunzitsi a Mbewe a kupulayimale, ndipo pambuyo pake a Nyirenda, amene anapuma ntchito yoyendetsa thirakitala ya nzimbe ku esiteti. Aliyense ankafuna zake. Asiyatu anapeka mayi wamalonda, koma ntchito yake yeniyeni inali kukwatitsa anthu. Tikafika pakhomo pa phanga la chimphona, ife mitima ili m'mwamba, iye funso lake linali lakuti kodi chimphonacho chili pabanja. Ine ndinali msing'anga wa zitsamba, ndinkakonda zinsinsi ndi kudziwa amene wapha ndani. Aphunzitsi anali wamatsenga, ndipo ankakonda malamulo ngati mmene ena amakondera mpira. Anali nawo mufoni mwawo, masamba osawerengeka, ndipo pakachitika kanthu kalikonse ankakweza chala ngati ali m'kalasi.

Mkangano wa a Sefu ndi aphunzitsi sunathe mpaka imfa. Aphunzitsi ankafuna dziko la m'malamulomo: nyumba zamafumu zamiyala, mahatchi, mayiko ozizira kumene madzi amauma gwa. A Sefu anakanitsitsa. Ankati sangayendetse dziko limene sakudziwa kuti anthu ake amalima chiyani, amadyera ndiwo yanji, ndipo akayambana amakasuma kwa yani. Dziko lawo ankalitcha Kutsidya, ndipo munali madambo a mpunga, bango, madoko, ndi mitsinje yolusa yofanana kwambiri ndi Bua nthawi ya dzinja. Matsenga oumitsa madzi anawaletsa, ati m'dziko lotentha choncho n'kuwononga mphamvu. Za chinjoka cholavula moto chogonera golide anaseka mpaka kutsokomola. Golideyo chimagulira chiyani, ndipo chimakagula kusitolo ya yani?

“Malamulo akuti chinjoka chiyenera kukhalapo,” aphunzitsi ankalimbikira.

“Chibwere, aphunzitsi, sindikuchikana,” ankatero a Sefu, akudula ulusi ndi mano. “Koma mundiuze kwawo, mfunda wake, ndi malume ake.”

Za malume sankanena zocheza. Ku Kutsidya chilombo chilichonse chinali ndi abale. Mukapha fisi wamkulu wovutitsa mudzi, Loweruka lotsatira munkapeza azakhali ake a fisiyo atakhala pabwalo akudikira chipepeso. Chuma nachonso chinali ndi mwini. Tsiku lina tinapeza bokosi la mikanda yagolide m'phanga, tinavina pakhonde mpaka anthu odutsa anaima. Sabata yotsatira yonse inathera pamlandu, chifukwa bokosilo linali la gogo wina amene analibisa kuopa adzukulu ake oledzera. Ukalowa m'mudzi osapereka moni, zonse zinkakuvuta mpaka utuluke. Ukanyamuka ulendo wopanda kamba, a Sefu ankakusiya uyende bwinobwino, kenako pakati pa nkhondo n'kukukumbutsa kuti munthu wako sanadye chichokereni dzulo, miyendo ikunjenjemera. Ankati nkhani yomwe anthu ake sadya, sasamba, sapita kumaliro, ndi nkhani ya mizukwa.

Anali ndi khalidwe lina limene linkandipsetsa mtima kwambiri. Azana akangomveka kumzikiti, ngakhale mkondo uli m'malere, ngakhale bwato likumira, ankatenga chivundikiro cha chitini cha mabatani, n'kuvundikira dayisi lisanaoneke pomwe lagwera, n'kunyamuka. Asiyatu ankatsatira. Ife otsala tinkakhala n'kumayang'anitsitsa chivundikirocho ngati amphaka. Palibe anayerekezapo kusuzumira. Ankati mumzikiti saganizako za ife ngakhale pang'ono, koma ankabwerako nthawi zonse ali ndi tsoka latsopano lotigwetsera.

Madayisiwo anawavutitsapo. Anthu anakanena kwa shehe kuti a Sefu, munthu wamkulu wovala mkanjo, atsegula juga pakhonde. Shehe anabwera okha Loweruka lina, nkhope ili gwa, n'kukhala pa mpando wa makasitomala. A Sefu sanadziteteze. Anangoti shehe aonere, akaona ndalama ngakhale yogulira tiyi ikudutsa patebulo, madayisi akawataya m'nyanja okha. Tsikulo tinali pa mlandu wa mbuzi ya chimphona imene inadya mpunga wa mayi wamasiye. Shehe anapirira pang'ono, kenako anayamba kusuntha pampando, mapeto ake anadula aphunzitsi pakamwa n'kugamula okha mlanduwo, kuti chimphona chilipire ngakhale chili chimphona. Pochoka ananena kuti si juga, koma ndi kutaya nthawi koopsa. Anafunsanso kwa Asiyatu sabata yotsatira ngati chimphona chinalipira.

Tsono za a Nyirenda. Iwo ndi a Sefu anadziwana kale, a Sefu akusokera maovololo anthu a ku esiteti, ndipo ubwenzi wawo unali wokangana basi. Ankakangana za thumba la ovololo limene akuti linasokedwa mopendama zaka zambiri zapitazo, za nsomba ya kumpoto ndi ya kuno, za chilichonse. Koma akazi awo a a Nyirenda, Nyachirwa, atamwalira, bambowo anadzitsekera m'nyumba. Makatani osatsegula, ndevu osameta, kutchalitchi osapita. Mwana wawo wa ku Mzuzu ankandiimbira ine kuti ndikasuzumireko ngati adya, ndipo kawirikawiri ndinkapeza mbale ili chivundikire. Abusa anapitako, anzawo a ku esiteti anapitako, onse ndi mawu ofewa, onse anabwerako chimanjamanja.

A Sefu anapitako popanda mawu ofewa. Anaima pawindo n'kukuwa kuti kukhonde kukufunika munthu wamphamvu koma wopanda nzeru, wonyamula katundu wa anzake, ndipo pa Dwangwa ponse aganizira a Nyirenda. Loweruka limenelo a Nyirenda anabwera, osati kudzasewera, koma kudzatukwana. Anachoka dzuwa litapendeka atapeka Chiphaliwali, munthu wankhondo wa mkondo wautali ndi bulu mmodzi.

Chiphaliwali anali chilango cha a Sefu. Sankapereka moni, sankafunsa njira, sankamva za chipepeso. Chilichonse choyenda ankachibaya, chosayenda ankachimenya chibakera. A Sefu akakonza bwinobwino mfumu yoti tikambirane nayo masana onse, a Nyirenda ankangoti, “Yayi, ada, zolongolola ine ayi. Ndikumubaya.” Ndipo dayisi linkawakonda, mwatsoka lake. Koma panali chinthu chimodzi. Chiphaliwali anali ndi mkazi kumudzi, m'nyumba ya malata imene anamanga ndi chuma cha kunkhondo, ndipo pa katundu aliyense amene tinkagawana, iye ankayamba wapatula chitenje cha mkaziyo. Dzina la mkaziyo linali Nyachirwa. Tonse tinamva tsiku loyamba lomwe, ndipo palibe anatsegulapo pakamwa, ngakhale Asiyatu amene pakamwa pake sipatsekeka.

Zinayenda choncho nthawi yaitali, a Nyirenda ananenepa, ndevu ankameta. Ndiye linafika tsiku la ng'ona. Tinkafuna kuoloka pamathiriro a mtsinje waukulu, pamene pankakhala mfumu ya ng'ona zonse. A Sefu anatiuza momveka kuti mfumuyo sivuta, imangofuna moni ndi nkhuku yoyera, ndipo Asiyatu nkhukuyo anali atagula kale, atanenerera mpaka wogulitsa kulira. A Nyirenda anati Chiphaliwali sagwadira buluzi.

“Adiraiva, ng'ona iyi ndi yaitali kuposa ngolo ya nzimbe,” anatero a Sefu. “Mwatsimikiza?”

“Ndikudumphira pamsana pake.”

“Muli m'madzi, mkondo ndi wolemera, ndipo anzanu ali kutali. Mwatsimikiza?”

“Atelala, mukuopa inu kapena ng'onayo? Bweretsani dayisi.”

Linagubuduzika pa tebulo lodulira nsalu, n'kugunda sizasi, n'kuima pa nambala wanu, yotsikitsitsa. Anaponyanso kuti adzipulumutse, linakana. Tinathamangira, ine ndi zitsamba zanga, aphunzitsi ndi matsenga awo, koma madayisi tsiku limenelo anali atatitembenukira tonse. Tinavuula Chiphaliwali m'bango atauma kale.

Aphunzitsi, mtima wabwino, anafufuza mufoni n'kupeza kuti malamulo amalola kudzutsa wakufa, bola kupeza mwala wina wamtengo wapatali. Tonse tinapuma. A Sefu anapukusa mutu. Ku Kutsidya, anatero, zimenezo kulibe, ndipo ananena kuyambira tsiku loyamba. Munthu akamadziwa kuti adzadzuka, kulimba mtima kwake n'kwabodza. A Nyirenda anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

“Mwamupha dala! Thumba munasoka mopendama, lero mwandiphera munthu!”

Anakwera njinga osatsanzika. Loweruka lotsatira mpando wawo unali wopanda munthu, ndipo podutsa kwawo ndinaona makatani ali otseka ngati kale. Mwana wa ku Mzuzu anayambanso kuimba. Ndinachita mantha, ndisaname, ndipo a Sefu ndinawakwiyira koopsa.

Tinkayesa kuti tiika Chiphaliwali m'manda n'kupitiriza ulendo. A Sefu anatinyamulitsa mtembo mpaka kumudzi kwa malemu, n'kutiuza kuti mwambo wa kumeneko sulola kuika maliro mwinimbumba asanafike. Mwinimbumbayo ndi malume ake a Chiphaliwali, ndipo munthu woti awayankhulire malumewo ndi mmodzi yekha pa Dwangwa ponse. Aphunzitsi anadzipereka, anakanidwa. Asiyatu anati a Sefu awayankhulire okha monga amachitira ndi mafumu ndi zilombo, a Sefu anati mawu a malumewo sakuwabwerera pakhosi.

Abale anga, tinakhala pasiwa! Loweruka ndi Loweruka, anthu akuluakulu kusiya ntchito zathu kudzakhala pamaliro a munthu wopeka. Tinkaponya dayisi kuti tione ngati nkhuni zikwane. Tinkaponya kuti tione ngati kwaya iyambe nyimbo pamodzi, ndipo siinayambepo pamodzi. Msing'anga wanga, munthu wodziwa zinsinsi za mafumu, ankatunga madzi ndi kutsuka mbale. Wamatsenga wa aphunzitsi anapatsidwa khasu kuti athandize adzukulu kukumba manda, dayisi linagwa pa nambala thuu, n'kupeza thanthwe. Aphunzitsi atafunsa mwaulemu kuti nanga mtembo ukhala bwanji ndi kutentha kumeneku, a Sefu anaganiza kaye, kenako anati chabwino, matsenga oumitsa madzi aja awalola. Aphunzitsi anadikira zaka kuti aumitse adani pankhondo, mapeto ake analembedwa ntchito ya mochare.

A Sefu nawonso zinkawawawa. Ankadandaula okha kuti kukanakhala kwa Asilamu, munthuyu akanagona m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, koma anthu a kwa Chiphaliwali ndi aja odikira ngakhale msuweni wa ku Joni amene alibe thiransipoti. Ankanena akuyang'ana kumsewu, kumene kunkachokera njinga ya a Nyirenda.

Anatituma ine ndi Asiyatu kukanena zovuta kwa a Nyirenda mwamwambo. Tinapita, tinagwada pakhomo, Asiyatu n'kunena ndi nkhope yozizira kuti kumudzi kwagwa zovuta, akudikira malume. Chitseko chinatseguka pang'ono. Munthu anali ataonda, ndevu zili nyankhalala.

“Mukawauze atelala anuwo adye mtembowo,” anatero, chitseko n'kutsekeka.

Pobwerera sindinapite pabenchi panga. Ndinakaima kutsogolo kwa makina n'kuwauza a Sefu kuti nkhanza zawo zakwana, munthu akufa ndi njala chifukwa cha lamulo la masewera a m'thumba la jekete. Amudzutse Chiphaliwali, ndani adzawamange? Anapitiriza kupalasa makina mpaka msoko unatha, kenako anavula magalasi.

“Mwana wanga, ndikamudzutsa, a Nyirenda adziwa kuti ndawamvera chisoni, ndipo bambo amene uja chisoni ndiye chimene chinamutsekera m'nyumba poyamba paja. Komanso munthu woti anaika mkazi wake m'manda ndi manja ake, ine ndikamuuze kuti akufa amadzuka ukapeza mwala? Pakhonde panga sindimunamiza.”

Mkwiyo wanga sunathe, chifukwa zoona zawozo sizinkadyetsa munthu. Ndinawafunsa kuti nanga atani. Anati maliro akatalika amabala zinthu, tidikire Loweruka.

Loweruka, pasiwa panatulukira msuweni wa ku Joni uja. A Sefu anamuyankhulira ndi mawu a m'mphuno, atapendeketsa chisoti. Msuweniyo analira mokweza kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti bulu ali kuti. Anamanga bulu. Anatenga mkondo, chishango, nsapato za malemu n'kuyesa pomwepo. Ife tinafuna kumuletsa, koma anatifunsa kuti ndife ndani pamtundu pano, ndipo zoonadi tinali alendo. Kenako anaitanitsa makwerero. Anati nyumbayi ndi ya m'bale wake, mayiyu azipita kwawo, malata akuwafuna. Asiyatu anamenya tebulo mpaka mapini anabalalika. A Sefu anavundikira madayisi, ngakhale azana anali asanamveke, n'kuti msuweni wakwera padenga, zotsala tidzaona sabata yamawa. Uthenga wake, anatero, ukaperekedwe kwa malume monga mwa mwambo.

Ulendo uno sitinagwade. Asiyatu anakuwira pawindo kuti msuweni ali padenga ndi hamala, akukhomola malata, ndipo Nyachirwa wakhala panja ndi mtolo wa ziwiya zake, alibe womuyankhulira. Chitseko sichinatseguke. Ine ndinamva ngati tachita chinthu choipa kwambiri, kutchula dzina limenelo pawindo limenelo. Tinabwerera kukhonde.

Loweruka linafika. Tinakhala pakhonde, a Sefu akuchedwa dala, akupinda nsalu zopindapinda kale. Ndiye tinamva belu la njinga. A Nyirenda anatsika atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa, ndi ndodo imene sindikudziwa anaibwereka kwa yani. Anadzutsa mpando wawo, anakhala, anatiyang'ana ngati sakutidziwa.

“Ndine malume ake a malemu. Ndani ali padenga la mpongozi wangayo?”

“Madala, takulandirani,” anatero a Sefu ndi mawu a m'mphuno aja, nkhope osasintha ngakhale pang'ono. “Ife tikungosunga katundu wa m'bale wathu. Mayiwa anabwera ndi chiyani pakhomo pano?”

Aphunzitsi ananong'oneza kuti pofuna kugonjetsa munthu ndi mawu, malamulo akuti aponye dayisi. A Sefu anawapatsa a Nyirenda dayisi lobulungira lija. A Nyirenda analifumbata, koma sanaponye. Anayamba kuyankhula. Anati mayi ameneyu anabwera ndi manja ake awiri. Anati pamene mwamuna wake ankayenda m'mayiko kumenya nkhondo, ndani ankalima, ndani anaumba njerwa za nyumba imeneyi, ndani anasenza madzi omangira? Anati mayi ameneyu ankadzuka tambala asanalire kuti mwamuna wake apite kunzimbe atamwa tiyi, ankachapa ovololo ya mafuta a thirakitala mpaka zala kusupuka, ndipo ngakhale akudwala ankafunsa ngati bambo adya.

Ku Kutsidya kunalibe nzimbe, kunalibe thirakitala. Aphunzitsi, amene sankalola cholakwika kudutsa, anangoyang'ana pansi. Asiyatu ankalira poyera. A Sefu anatambasula dzanja, anatenga dayisi m'manja mwa mnzawoyo, n'kulibwezera m'kathumba. Anati msuweni watsika padenga, wakhomanso malata onse, wamasula bulu, ndipo nsapato wavula. Pa zaka zonse zimene ndinasewera nawo, ndi tsiku lokhalo limene anagamula chinthu chachikulu popanda dayisi.

Tinaika Chiphaliwali masana omwewo. A Nyirenda analira ngati mmene sanalirire pamaliro enieni aja, pamene ankangoti duu ngati chitsa. Atapukuta maso anadandaula kuti manda ndi osaya, adzukulu ake ndi aulesi, makamaka wamatsengayo. Kenako anaitanitsa tiyi ndi mandasi, anadya anayi a iwo okha ndi limodzi la aphunzitsi.

Malumewo anakhala munthu wawo mpaka kumapeto, nkhalamba ya bondo lovuta, ndipo a Nyirenda anabwezera chipongwe mwanzeru. Nkhalambayo inkapereka moni kwa aliyense. Inkafunsa za ana, za mbuzi, za mvula, za chifuwa cha agogo, mudzi uliwonse, mlonda aliyense, mpaka masana kutha tisanafike pachipata. Inapita ngakhale kwa mfumu ya ng'ona kukafunsa mmene yadzukira. A Sefu, amene analalikira za moni zaka zonsezo, tsiku lina anagwira mutu n'kupempha kuti chonde wina abaye chinachake.

A Sefu anatisiya mwadzidzidzi, m'mawa wa tsiku la ntchito, atangotsegula makina. A Nyirenda n'kuti ali ku Mzuzu kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Ndinawaimbira, anakwera minibasi yoyamba imene anaipeza, ndipo inali ya mtundu uja woima paliponse pamene pali munthu ndi thumba. Kuno mwambo unayenda monga umayendera: anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera, jeneza yonyamulira maliro inanyamuka itatha swala, pemphero la masana. A Nyirenda anatsika pasiteji anthu akuchokera kumanda. Sanapite kunyumba ya siwa, anabwera pakhonde, chikwama chili m'manja, n'kukhala pampando wawo mpaka ndinatseka benchi. Ndinkaopa kuti makatani aja atsekedwanso, ndipo ulendo uno woima pawindo n'kutukwana palibe.

Makina anatenga mphwawo wa ku Malengachanzi. Tebulo lodulira nsalu linapita nawo, chingwe chopachikapo majekete anamasula. Pasimenti patsala madontho a oyilo ndi timaenje pomwe pankaponda miyendo ya makina, ndipo m'ming'alu mukadali timapini ndi tiulusi tamitundumitundu timene tsache limalephera kutulutsa. Mwini sitolo akuti aikapo mafiriji a zakumwa, koma sanaikebe, chifukwa Loweruka lililonse masana pamakhala munthu. A Nyirenda amabwera atameta, atavala jekete, amatsamiritsa njinga pachipilala, n'kukhala moyang'ana timaenje tija. Amayamba ndi moni wautali. Kenako amakweza mawu mpaka ogula mayunitsi amatembenuka.

“Mtembo wabodza munausunga mwezi wathunthu kudikira ine. Wanu weniweni, atelala, munalephera kundidikira tsiku limodzi?”

Amadikira yankho kanthawi ndithu, atatchera khutu. Kenako amandituma tiyi, makapu awiri, ndipo inayo imazizira pasimenti pomwepo.